Madontho a pa Buluku

Chaka chimene bambo a ana anasamutsidwira ku Nyimba, m'nyumba mwathu ku Petauke munatsala ine ndi makina osokera basi. Ana onse anali kusukulu zogonera komweko. Bambowo ndi aphunzitsi, ndipo kumalo atsopanowo anangowapatsa kachipinda kamodzi kosakwana banja. Tinagwirizana kuti ine nditsale ndizisunga nyumba ndi makasitomala anga, iwo azibwera Lachisanu madzulo n'kubwerera Lamlungu.

Mai wina wa kumpingo kwathu, amene akalulu ake anaswana mpaka kusowa powasunga, anandipatsa kamwana kamodzi kotuwa, ka khutu limodzi logwa. Anati ndikanenepetse kuti kadzakhale ndiwo ya pa Khrisimasi. Khola ndinalibe, ndipo agalu a m'komboni mwathu ndinkawadziwa bwino, ndiye ndinakaika m'katoni kuseri kwa chitseko, ndikumati mmisiri ndimupeza sabata yamawa. Sabatayo sinafike. Kaluluyo anadzisankhira yekha ngodya imodzi pabalaza yodzithandizirapo, ine n'kuikapo beseni lakale la utuchi, ndipo kuyambira pamenepo sankaipitsa kwina kulikonse. Ankadya kholowa, chisoso ndi gaga. Ndikamasoka ankagona pafupi ndi phazi langa, osaopa phokoso la makina. Khrisimasi itafika tinadya nkhuku.

Mvula ili pakati, Loweruka lina m'mawa, ndikutulutsa zovala zoti ndichape, ndinaona madontho pa buluku lakuda la bambo a ana. Anali m'munsi mwa bondo, atandandalika mzere ngati munthu wawaza ndi nthambi. Anali atauma, otuwa ngati phala la ufa woyera, koma m'mbali mwake achikasu. Nditanunkhiza, fungo lake linandilasa m'mphuno. Ndinangoti ndi za m'minibasi, poti mmenemo anthu amakwera ndi mbuzi, nsomba ndi zigubu zosadziwika za m'kati mwake. Ndinachapa, koma sopo sanachotse bwinobwino. Panatsala kachizindikiro.

Sabata yotsatira madonthowo anali pa chikwama chawo ndi pa nsapato zonse ziwiri. Ulendo uno anali ofiirira, ngati madzi amene mwaviikamo mizu.

"Bambo a ana, kodi munakhala pa chiyani?" ndinawafunsa, nsapato ili m'manja.

Anayang'ana pang'ono n'kubwerera ku tiyi wawo. "Kapena ndi choko."

"Choko chonunkha chonchi?"

"Nanga ine ndidziwa bwanji? Tangopukutani."

Bambowo si munthu wolankhulalankhula, ndipo ndinawakwatiwa ndikudziwa zimenezo. Koma tsiku limenelo kufupika kwa yankho lawo kunandikhala pamtima.

Nyumba yathu inagundizana mpanda ndi ya mai wina wogulitsa tomato pamsika. Chingwe choyanikapo zovala chinali chimodzi, ndipo panalibe chopita pachingwecho chimene maso awo sankachiona. Anandipeza ndikukwecha chikwamacho ndi burashi. Anachitenga, kuchitembenuza, kuchinunkhiza, kenako n'kundibwezera mofulumira uku akupukuta zala pa chitenje.

"Aneba, ine sindinakambe kanthu," anatero motsitsa mawu. "Koma mwamuna wogona yekha kuchoka pa Mande mpaka pa Chisanu, amuphikila ndani? Izi ine ndinazionapo kwa mng'ono wanga. Amawaza pa zovala kuti akafika kunyumba mtima uzitsala kumene wachoka."

Mawu akuti kondaine sanawatchule, koma tonse tinawamva.

Musaganize kuti kaluluyo sindinamuganizireko. Ndinapita kukayang'ana beseni lake, ndipo utuchi unali wonyowa monga mwa masiku onse. Kalulu akamakodza amakhala pansi n'kusiya kadziwe. Izi zinali m'mwamba, zowaza. Komanso mkati mwa sabata monse, ine ndi iye tili awiriwiri m'nyumba ndi nsalu za makasitomala zili mbwee, palibe ngakhale imodzi imene inkadontheredwa. Madontho ankaoneka bambo a ana akabwera, ndipo ankaoneka pa zinthu zochokera ku Nyimba zokha.

Lachitatu lina ndinatseka makina, kusiyira kalulu masamba okwanira, n'kukakwera minibasi. Sindinawaimbire foni. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene ndikakamupeza mkaziyo, ndipo nkhope yake ndinali nditaiumba kale m'mutu mwanga. Pa Nyimba ogulitsa nthochi anathamangira m'mawindo, ine ndinawadutsa ngati sindikuwaona.

Ndinawapeza ali m'kalasi. Atandiona pakhomo anatuluka mothamanga.

"Kwagwanji? Ana ali bwino?"

"Ali bwino. Ndangoti ndione kumene mukhala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsogola kupita kukachipinda kawo. M'kachipindamo munali bedi lachitsulo, mbaula, mpoto wa nyemba zotsala dzulo lake, ndi mulu wa makope a ana a sukulu. Pawindo anatchingapo chitenje changa chakale chimene ndinkachifunafuna kunyumba. Iwo atabwerera kukalasi ndinatsitsa zovala zonse pa waya, kununkhiza chimodzichimodzi, kusuzumira pansi pa bedi, kutembenuza pilo. Kunalibe dontho, kunalibe fungo. Akanakhala munthu wina, mtima ukanakhala pansi. Ine ndinaima pakati pa chipindacho ndikudzifunsa kuti pansi posesedwa bwino chonchi akusesa ndani, poti kunyumba tsache sanaligwirepo.

Madzulo anandiperekeza kumsewu. Anandigulira phava la nthochi n'kundiikira pamiyendo ndili kale m'minibasi.

"Mukanandiuza kuti mubwela, ndikanagula nyama," anatero. Maso awo ankanena zina, koma galimoto inanyamuka.

Sipanapite nthawi apongozi anga aakazi anabwera kuchokera kumudzi ku Kalindawalo. Mawondo ankawavuta, ndipo kuchipatala anawauza kuti azibwerabwera, choncho anakhala kwathu. Ine ndine Mchewa wa ku Katete, iwo ndi Ansenga, ndipo ngakhale ndinawabalira adzukulu, ankandilankhulabe Chinyanja chaulemu chija amalankhulira alendo. Sitinakanganepo, komanso sitinasekerepo limodzi mpaka kugwetsa misozi. Anafika ndi thumba la nsawa ndi kachikwama ka zovala. Atangokhala pamphasa, kalulu anatuluka pansi pa mpando kudzawanunkhiza mapazi.

"Ndiwo igona pabalaza kuno ku tauni?" anafunsa, akukoka miyendo.

Loweruka loyamba iwo ali pakhomo, ndinamva akundiitana ndili kukhitchini. Ndinawapeza ataima pa chitseko cha kuchipinda kwathu, atatsamira ndodo. Ndinagwada. Pachitsekocho, ndi pakhoma pambali pake, panali mzere wa madontho ofiirira, ena akuyenderera pansi. Anakanda limodzi ndi chikhadabo n'kununkhiza.

"Amai, ichi n'chiyani?"

"Sindidziwa, amai. Inenso chindidabwitsa."

"Chikudabwitsani." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Mwana wanga ndinamulela popanda mizu. Ngati pali chimene akulakwilani, pakamwa mulipo, ankhoswe aliponso. Zowaza pazitseko ayi."

Ndinafuna kuwauza za buluku, za chikwama, za ulendo wanga wa ku Nyimba. Koma ndikanayamba bwanji kuuza mai kuti mwana wawo ndikumuganizira zachibwenzi? Ndinangoti, "Si ine, amai," ndipo ndinamva ndekha kuti mawuwo atuluka ofooka ngati a munthu wogwidwa.

Ndikubwerera kukhitchini maganizo anga anatembenuka. Miyezi yonseyi madontho ankakhala pa zinthu za bambo a ana zokha. Pakhoma anayamba iwo atabwera. M'kachikwama kawo ndinali nditaonamo kabotolo kokulungidwa m'kansalu, kamene ankakabisa ndikalowa. Ankati ndi mafuta opaka m'mawondo. Nanga mafuta a m'mawondo amabisidwa? Ndinakumbukiranso kuti kalekale, tisanakwatirane, kumudzi kunali mtsikana amene iwo ankamufuna kuti akhale mpongozi wawo.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munakhala alonda awiri. Ndikamaphika, apongozi ankakoka kampando n'kukhala pakhomo la khitchini, akuti akufuna kamphepo, koma maso ali pa dzanja langa lothira mchere. Mwana wawo akabwera, ndiwo ankamugawira okha, ndi mawondo awo omwewo. Madzi osamba ndikawaikira bambo a ana kubafa, iwo ankapeza chifukwa chodutsira kumeneko. Inenso ndikamva ndodo yawo ikugogoda cha kuchipinda kwathu ndinkaimitsa makina n'kutchera khutu. Ndinayamba kukiya chitseko masana, kiyi n'kumumanga pa mfundo ya chitenje. Tinkapatsana moni m'mawa mwaulemu wonse, ine nditagwada, iwo akuomba m'manja, aliyense akuwerenga nkhope ya mnzake.

Bambo a ana anaona kuti zinthu sizili bwino, koma njira yawo yothetsera nkhani ndi kukhala pakhonde ndi wailesi. Ndikawauza kuti amai akundiganizira zoipa, ankati, "Ndi okalamba, asiyeni." Amai awonso akawauza zawo, ndikhulupirira ankayankha chimodzimodzi. Kusalowerera kwawoko kunkandipatsanso maganizo. Munthu wosalakwa, zovala zake zikuwazidwa sabata ndi sabata, angakhale phee chonchi?

Kenako zinafika pa apongozi eniake. Lachinayi masana anapeza chitenje chawo cha kutchalitchi, chimene anachipachika pa mpando, chili ndi madontho kuyambira m'mphepete mpaka pakati. Thumba la nsawa nalonso linali litawazidwa. Sanakalipe. Anachipinda bwinobwino osachichapa, n'kuchiika pansi pa pilo.

"Mailo akabwela mwana wanga tikhale pansi," anatero. "Mwayamba ndi iye, lelo mwafika pa ine. Ankhoswe aitanidwe, aone okha."

Lachisanu bambo a ana anafika dzuwa likadalipo. Sanapatsidwe ngakhale mpata wovula nsapato. Anakhala pampando, chikwama chili pambali pa mwendo. Apongozi anakhala pamphasa atatambasula miyendo, chitenje chija chili pamiyendo pawo ngati umboni. Ine ndinakhala pansi cha kukhomo. Anayamba nkhaniyo patali, m'Chinsenga, kuyambira mmene anavutikira kumulera mwanayo bambo ake atamwalira.

Ali pakati pofotokoza, kalulu anatuluka kuseri kwa makina. Anapita pa chikwama n'kuyamba kukhuza chibwano chake pa ngodya zake. Kenako anayamba kuzungulira mapazi a bambo a ana, kuthamanga mozungulira, mchira uli m'mwamba, akulira kamawu kapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Zimenezi ndinali nditaziona kambirimbiri, ndipo ndinkati ndi kusangalala kuti bambo abwera. Apongozi anamuingitsa ndi dzanja osasiya kulankhula. Iye anathawira kukhoma, n'kubwerera ali pa liwiro, ndipo podutsa pakati pawo anadumpha n'kupotokola mbuyo yake m'malere.

Ndinauona ndi maso anga mkodzowo ukuuluka. Unagwera pa buluku, pa chikwama, n'kumalizira pa mkono wa apongozi. Kalulu anakatera uko n'kuyamba kunyambita dzanja lake ngati palibe chachitika.

Apongozi anayang'ana mkono wawo, madontho ofiirira akutsetsereka kupita kuchigongono. Anaununkhiza. Bambo a ana ndi amene anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwira pamimba. Ine sindinaseke.

"Ndi kalulu, amai," anatero akupukuta misozi. "Nkhani yonseyi ndi kalulu."

Apongozi sanaseke nawo. Anayang'ana kaluluyo, kenako anayang'ana ine.

"Wamuphunzitsa ndani? Nyama siisankha yokha munthu. Bwanji mwini wake siimuwaza?"

Kenako anati wina abweretse mpeni, nkhani ithere mumphika. Bambo a ana anandiyang'ana ngati akuti mwina ndi bwino kutero kuti mtendere ubwere. Ndinanyamula kaluluyo, mtima wake ukugunda m'manja mwanga, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ndinawakaniza apongozi anga pamaso pawo. Ndinati nyamayi yandisunga miyezi yonse imene ndakhala ndekha, ndipo ndikafunsa kaye kwa odziwa za ziweto.

Lolemba ndinamuika m'dengu n'kupita ku ofesi ya za ziweto kuboma. Pabenchi panali alimi odandaula za ng'ombe ndi nkhumba, ndipo atamva kuti m'dengu muli kalulu wodwala kukodza, anagwedezana zigongono. Dokotala wa ziweto anali bambo wa imvi za apo ndi apo. Anamutembenuza kalulu chagada n'kundionetsa.

"Amai, uyu ndi mwamuna, ndipo wakula. Sakudwala. Akuika chizindikilo kuti nyumba ndi yake, inunso ndinu ake. Chilichonse chobwela ndi fungo lachilendo, kaya ndi munthu kaya ndi thumba, afuna achifute ndi fungo lake."

Ndinafunsa za kufiirako. Anati ndi masamba amene akudya, mkodzo wa kalulu umasinthasintha mtundu, ndipo ukauma umasiya zoyera ngati laimu. Ndinafunsa ngati kumumenya pang'ono kungathandize. Anati angondiopa basi, kuwaza sasiya. Aneba anga anali atandilangiza kuti ndimupezere mkazi mtima wake ukhale pansi. Dokotalayo anaseka, nati ndikatero ndidzakhala ndi owaza khumi m'malo mwa mmodzi. Njira inali imodzi: kumuthena.

Apa napo mtima wanga sunakhazikike. Ndinayang'ana manja awo akuluakulu ozolowera ng'ombe, n'kuyang'ana kanyama kanga.

"Munathenapo kalulu, bambo?"

"Kangapo chabe. Kuno anthu kalulu akavuta amadya. Ndikuuzeni zoona, jekeseni wogonetsa akalulu ena sadzuka naye. Ndipo ngakhale zitayenda bwino, sasiya tsiku lomwelo. Mphamvu ija imatsala m'magazi milungu ingapo."

Ndinabwerera naye kunyumba osavomera. Ndinkaganiza kuti mwina akungofuna pophunzirira. Sabata imeneyo ndinayesa njira zanga. Ndinagula waya wa nkhuku n'kumutchingira ngodya yake ija. Chikwama ndi nsapato za bambo a ana zinayamba kugona pamwamba pa kabati. Dokotala anali atandiuza kuti viniga wosakaniza ndi madzi amasungunula zoyerazo, ndipo zinalidi zoona: ndinapukuta chitseko, khoma, miyendo ya mipando, mpaka nyumba yonse inanunkha ngati pogulitsira tchipisi. Koma kaluluyo m'kati mwa wayamo anasanduka wina. Ankaluma waya, kumenya pansi ndi miyendo yakumbuyo, ndipo aliyense wodutsa pafupi ankamuwaza kudzera m'mabowo. Tsiku lina anafikira nsalu ya kasitomala, ya diresi la ukwati wa mwana wake, ndipo ndinakhalira kuichapa masana onse mtima uli m'mwamba. M'mawa mwake ndinamunyamula kubwerera kuboma kuti akamuthene.

Anadzuka. Ndinamutenga madzulo atalobodoka, maso ali pakatikati. Tsiku lotsatira anangodzikundikira pangodya osadya, ndipo dokotala anali atandichenjeza kuti kalulu wosadya sachedwa kufa. Ndinakhala naye pansi ndikumuika nsonga za chisoso pamphuno mpaka anayamba kutafuna kamodzikamodzi. Apongozi ankandiyang'ana ali pamphasa pawo.

"Mwana wa munthu akadwala mudzachita chonchi?" anafunsa.

Bala litapola ndinamutulutsa m'waya. Lachisanu lotsatira bambo a ana atangolowa, kalulu anawazungulira kawiri n'kuwawaza monga kale. Apongozi anaomba m'manja kamodzi.

"Mwaona? Amuchotsa zonse, koma achitabe. Ndiye muziti ndi thupi lake?"

Ndinawafotokozera zimene ananena dokotala, za mphamvu yotsala m'magazi. Anangoti, "Iwo atelo." Kunena zoona, madzulo amenewo inenso ndinakayikira. Ndinamugwira kalulu n'kumuyang'ana kumimba kuti ndione ngati dokotalayo anagwiradi ntchito yake.

Mawondo atayamba kupepuka, apongozi anabwerera ku Kalindawalo. Ankhoswe sanaitanidwe, koma nkhaniyo sinatsekedwenso. Ponyamuka anandidalitsa monga mwa mwambo, nandiuza kuti ndizisamala mwana wawo, mawu akuti kusamala akuwatsindika. Kuwazako kunayamba kuchepa iwo atapita: Lachisanu lina pang'ono, lina osachita, kenako kamodzi pa nsapato za mlendo, mpaka pofika nthawi yokolola kunatheratu. Fungo la mkodzo wake nalonso linazizira. Anasiya kuzungulira mapazi a anthu, ananenepa, n'kubwerera pamalo pake pafupi ndi makina. Bambo a ana atawauza amai awo pafoni kuti zinatha, iwo anati, "Zatha poti ine ndachokapo."

M'komboni nkhaniyo inayenda mwa njira yake. Aneba anga ndinawauza zonse, mpaka kuwaonetsa chipsera pamimba pa kalulu. Anavomera ndi mutu, koma zimene zinafika pamsika sizinali zimenezo. Tsiku lina kunabwera mtsikana wongokwatiwa kumene, mwamuna wake woyendetsa malole, ndi nsalu yoti ndimusokere siketi. Ndikumuyeza m'chiuno anayang'ana kukhomo, n'kunong'ona.

"Amai, ndamva kuti amuna anu ngakhale agwila nchito kutali, Chisanu chilichonse ali pakhomo. Ndithandizeniko nanenso. Sindidzauza munthu."

Ndinaika tepi pansi n'kumufotokozera kuyambira pa buluku mpaka kwa dokotala wa ziweto. Anamvetsera mwaulemu, manja ali pamiyendo. Nditamaliza anayang'ana pansi pa makina, pamene kalulu anali atagona chammbali akutafuna tsamba la kholowa.

"Ndamva, amai," anatero. "Nanga mukati mwaganiza zomugulitsa, ndiyambe ndine kudziwa."

Siketiyo anabwera kudzaitenga mlongo wake. Iye sanabwerenso.